Mleme Amene Ankazondedwa Asakudwala

Padangokhala, ndipo amene muli pafupi vomerani kuti tili tonse, padali mudzi wa nyama zing'onozing'ono, mfumukazi yake Nungu. Mudzi umenewu sudatchuke ndi ulimi kapena nkhondo, udatchuka ndi kuzonda odwala. Wina akangoyetsemula, potembenuka ankapeza khonde lake litadzaza kale: uyu wanyamula nkhuni, uyu phala, uyu wangobwera ndi nkhani zoti wodwala aseke. Ndipo padali lamulo limene ngakhale ana ankalidziwa, lakuti wozonda sabwezedwa pakhomo.

M'mudzimo mudafika mleme wina, dzina lake Nadzimbiri. Adatsata msuweni wake Bwampini, amene adali nduna ya mfumukazi. Eni mudzi adamulandira bwino, namupatsa kaphanga kakekake.

Dzinja lonse ndi masika omwe, Nadzimbiri adalimbikira kudya. Ngumbi zikatuluka iye ali pomwepo, njenjete ikadutsa yalowa m'kamwa, mpaka pakati pa mapewa ake padamera kachulu ka mafuta.

"Mkazi wanga, mwanenepatu!" ankatero Bwampini, poti pachisuweni amaitanana choncho. "Tsiku lina denga lidzakukanani."

"Ndidzagwera inu, amuna anga, mukadzabwera kudzandibera chipande."

"Ine kuba? Ine ndimangosungira anthu zinthu zawo."

Mafuta aja sadali odzionetsera, adali nkhokwe ya Nadzimbiri. Chisanu chikafika tizilombo touluka timasowa, ndipo mleme wa mtundu wake alibe china chodya. Ndiye amalendewera kudenga la phanga, nalola thupi lake lizizire ngati mwala. Mtima umagunda mwa apo ndi apo, mpweya umalowa ngati mlendo wamanyazi, ndipo mafuta amatha pang'onopang'ono mpaka kudzatenthanso. Choopsa n'kudzuka pakati. Kuti thupi lozizira litenthe limayenera kunjenjemera kwambiri, moti kudzuka kamodzi kokha kumadya mafuta a masiku ambirimbiri. Mleme wodzutsidwadzutsidwa safika nyengo yotentha. Nadzimbiri sadauze aliyense zimenezi, poti kwawo n'zodziwa mwana yemwe. Kodi umauza mnzako kuti madzi amanyowetsa?

Chisanu chitaluma, Bwampini adadabwa kuti msuweni wake sakuonekanso. Adalowa m'phanga akuseka kale, chipongwe chatsopano chili m'kamwa. Adaitana, zii. Adakwera pamwala, namukhudza mphuno.

"Mayo ine! Wazizira! Anthuni, mlendo akutifera m'manja!"

Posakhalitsa mudzi wonse udali panjira, ukubwera ndi nyimbo yake yozondera. Bwampini ndiye ankatsogolera, kufunsa kuti ndani wagona yekha m'chisanu, ndipo onse ankavomera pamodzi kuti m'mudzi muno munthu sagona yekha, kenako n'kuomba m'manja ndi kuponda pansi mpaka fumbi koboo. Idali nyimbo yokoma, yoti ngakhale wothyoka mwendo ankaivina ndi mapewa.

Adasonkha moto pansi penipeni pa Nadzimbiri. Kutentha kudamufika kumutu, phokoso lidamufika m'makutu, mtima udayamba kuthamanga, ndipo thupi lonse lidagwedezeka ngati tsamba.

"Taonani malungo akewo!" adafuula Kapuku, mbewa ya ana ambiri. "Onjezani nkhuni!"

Nadzimbiri adatsegula maso. "Kwatentha kale? Njenjete zabwera?"

"Akubwebweta," adanong'onezana.

Ataona moto, ataona nkhope zonse zija zodera nkhawa, adazindikira chimene chachitika.

"Anthu anga, zikomo kwambiri, koma ine sindikudwala. Ndikungogona."

"Odwala onse amatero," adayankha Kapuku, akutakasa phala.

"Tamverani. Mukamaphika thobwa, mumathira chiyani kuti litsekemere?"

"Chimera," adayankha amayi onse pamodzi.

"Nanga mukathira m'phala loti lazizira zii, chimagwira msanga?"

"Ayi, chimachita ulesi."

"Eya. Inenso m'thupi mwangamu, m'mimba, m'chiwindi, m'minofu monse, muli tinthu tonga chimera, timene timasungunula chakudya ndi mafuta kuti ndipeze mphamvu. Ndikazizira timachita ulesi, mafuta anga n'kumakhalitsa. Mukanditenthetsa timadzuka ndi njala, timayamba kupululutsa nkhokwe yanga."

Anthu adayang'anana, napukusa mitu mwachisoni.

"Mwamva nokha," adatero Bwampini. "Chimera chake chazizira. Nkhuni zina!"

Adakhala naye mpaka dzuwa kupendeka. Adamupatsa phala, koma mleme wodya tizilombo atani nalo phala? Adangonyambita chipande kuti asawachititse manyazi. Ponyamuka, Kapuku adatsalira pang'ono, namasula kansalu, namuikira m'dzanja tingumbi touma tochepa.

"Ndinasungira ana, koma anawo ndi amphamvu. Musauze munthu."

Nadzimbiri adadya tingumbito misozi ili m'maso. Tidali tokoma, koma adadziwa kuti sitikufika ngakhale pa chidutswa cha mafuta amene moto wamudyera tsikulo. Nanga munthu wotere ungamuuze kuti asabwerenso?

Adaganiza zobisala. Adakwawira mkatikati mwa phanga, napeza mng'alu wopapatiza, nadzipanikiza momwemo. Mtima udabwerera pa kugunda kwake kwaulesi, tulo tidamutenga.

Koma mphuno ya Bwampini ndiyo imene imapeza mtedza wokwiriridwa chaka chatha. Patapita masiku owerengeka adanunkhiza, nanunkhiza, nafika pamng'alu paja.

"Kalanga ine! Wabisala kuti atifere mwakachetechete, akuopa kutivutitsa! Ulemu wanji umenewu, msuweni?"

Nyimbo ija idamvekanso, tsopano ndi ng'oma yomwe, ndipo ovomera adawonjezera mawu akuti ngakhale ubisale m'ming'alu, okukonda ali ndi mphuno. Ulendo uno adabwera ndi sing'anga wa mfumukazi, a Nyenga, amene ankayenda akugwedeza mchira wawo womwe m'malo mwa litchowa. A Nyenga sadali oipa mtima, koma chiyambire ntchito yawo mawu akuti sindikudziwa adali asadatulukepo m'kamwa mwawo.

Adamusolola Nadzimbiri mumng'alu, namukhazika pafupi ndi mphika wa masamba owira, namufunditsa chikopa. Nthunzi idamulowa paliponse. Adanjenjemera mpaka chikopa kuvina chokha.

"Mukuona? Nthenda ikulimbana ndi mankhwala anga," adatero a Nyenga. "Ndikuidziwa imeneyi. Ndinachizapo fulu."

Nadzimbiri adatulutsa mutu m'chikopa. Choona chidali chitamukanika, ndiye adayesa bodza.

"Thawani, anthu anga! Nthendayi ndi yopatsirana. Aliyense wolowa muno aitenga."

Kapuku adasendera pafupi, namugwira phiko.

"Ndiye tidwalire limodzi."

"Tidwalire limodzi!" adavomera onse, ndipo amene adali panja adalowa.

"Mkazi wanga," adatero Bwampini, "mukafuna kundisiya umbeta, funani njira ina."

Atapita, Nadzimbiri adadzikhudza pakati pa mapewa. Kachulu kaja kadali kataphwa, chikopa chili lende. Adayerekeza ndi chisanu chimene chidatsala, ndipo mtima udamuuza zoona: akagona osadzutsidwanso afika, koma movutikira. Akadzutsidwa kawirikawiri, adzamupeza atauma kudenga. Adabwerera pamalo pake akulingalira, ndipo tulo tidamupeza asadapeze nzeru.

Ulendo wachitatu nyimbo idamveka kuchokera kutali, ndi nthungululu, ndi zisekese, chifukwa mfumukazi mwini wake idali pakati pa gulu. Nungu adali mfumukazi yoseka, yopatsa, yokonda kukumbatira anthu, ndipo n'chifukwa chake anthu ake ankamupatsa moni ataima patali pang'ono.

Moto udayaka, Nadzimbiri adanjenjemera, nadzuka, natsika kudzagwada.

"Mwana wanga, waonda chonchi?" idatero mfumukazi. "Bwera ndikukumbatire."

"Pepani mfumu, wodwalayo khungu lake n'lofewa," adafulumira Bwampini.

"Chabwino. Koma tamva. Ine sindingagone tulo mlendo wanga akuzizidwa kuphanga. Lero lomwe akunyamula, ukakhala kukhitchini kwanga, pamwamba pa mafuwa. Moto wa kumeneko suzima usana ndi usiku. Ukhala komweko mpaka chisanu chithe."

Anthu adaomba m'manja. Ulemu wotere sudachitikepo kwa mlendo. Kapuku adapukuta msozi wa chimwemwe. Nadzimbiri yekha ndiye adamva ngati amuwerengera tsiku la maliro ake: pamoto wosazima, wopanda tulo tozizira, wopanda kachilombo koti adye, sakadatha ngakhale mwezi. Koma mphatso ya mfumu ikanidwa bwanji pamaso pa mudzi wonse?

Adayang'ana mfumukazi, adayang'ana moto, adayang'ana a Nyenga amene ankapesa mchira wawo kuti anthu awaone. Nzeru idamufika pomwepo.

"Wawa mfumu, ndathokoza. Koma ndisadanyamuke, ndilole asing'anga andipatsenso komaliza mankhwala awo. Mtima wanga ukundiuza kuti atsala pang'ono kugwira."

A Nyenga adatukula chifuwa, natulutsa nsupa, namudonthezera madzi owawa pa lilime. Nadzimbiri adameza, natseka maso, nakhala duu. Kenako adasonkhanitsa timphamvu take, podziwa kuti akuwotcha mafuta amene sakadayenera kuwotcha, nadumpha. Adauluka kuzungulira phanga, adadutsa pamutu pa Bwampini namuphula kapusi, adatembenuzika m'malere, natera patsogolo pa mfumukazi akuvina.

"Ndachira! Ndachira! A Nyenga ndi sing'anga!"

Nthungululu zidang'amba phanga. Anthu adawanyamula a Nyenga m'mwamba.

"Ndinanena ine," ankatero ali m'mwambamo. "Fulu uja zinali chonchi."

Phokoso litachepa, Nadzimbiri adagwada pamaso pa a Nyenga.

"Asing'anga, auzenitu anthu za chizimba chija munandinong'oneza ndili m'chikopa. Ndikuopa angalakwitse."

Mchira wa a Nyenga udaima. Iwo adali asadamunong'oneze kanthu tsiku lija. Koma mudzi wonse udali ukuwayang'ana, mfumukazi yomwe.

"Eee... chizimba chija. Inde. Nenani ndinu, ndione ngati munamva bwino."

"Munati wochira ndi mankhwala amenewa abindikire yekha pamalo pozizira, osaona moto, osamva nyimbo, osakhudzidwa, mpaka njenjete zitabwerera."

"Ndi momwemo. Pitirizani."

"Munatinso wina akaswa chizimbachi, nthenda simabwerera kwa wodwala ayi. Imapita kwa amene anaichotsa. Amayamba kuzizira mphuno, kenako amangopezeka akugona chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba, ngati ine."

A Nyenga adadzigwira mphuno. Idali yozizira, poti kudali chisanu.

"Zimitsani motowo!" adakuwa. "Zimitsani msanga! Iwe wa ng'oma, tuluka! Pepani mfumu, za kukhitchini zija sizitheka. Mankhwala salola."

"Mankhwala akakana, mfumu ndani?" idatero Nungu, koma mawu ake adali otsika.

Nadzimbiri adaona nkhope za anthu zikugwa. Kapuku adali atanyamula mphika wa phala, osadziwa poutula. Anthu amenewa kuwaletsa kuzonda kudali ngati kuwamanga manja.

"Ndiye ife tizingokhala?" idafunsa mfumukazi. "Mlendo ali m'phanga, ife manja lende?"

"Ayi mfumu, asing'anga anaganizira zimenezonso," adatero Nadzimbiri. "Anati ozonda azibwerabe, koma mwakachetechete. Chimene abweretsa, kaya ndi phala, kaya gaga, kaya makoko a zipatso, azisiya panja pafupi ndi khomo, n'kubwerera. Ndikadzatuluka ndidzaone kuti sindinali ndekha."

"Ndinatero kumene," adavomera a Nyenga. "Mutu wake ndi wabwino mtsikanayu."

Nkhope zidawalanso. Kapuku adakhala woyamba kukhuthula phala lake pakhomo. Adatuluka onse monyang'ama, ndipo nyimbo yawo adaiyimba ndi mapewa okha, pakamwa ali tseke, mapazi akuponda ngati pali mazira.

Bwampini adatsalira kumbuyo, akukonza kapusi kake. Adamuyang'ana msuweni wake nthawi yaitali.

"Mkazi wanga, tsiku la nthunzi lija ine ndinali pafupi ndi chikopa. Sindinamve kunong'ona."

"Makutu anu amangomva kumene kwagwa chipande, amuna anga."

Bwampini adaseka mopanda mawu mpaka ndevu kugwedera. "Gonani. Za chimera zija ndikaziganizira bwino kunyumba." Adafafaniza makala otsala ndi dothi, natuluka.

Nadzimbiri adakwera kudenga movutika. Kuzizira kudamukuta, ndipo adakulandira ngati bulangete. Mtima udachepetsa liwiro, tinthu tonga chimera tija tidabwerera ku ulesi wake, ndipo timafuta totsala tidayamba kutha mochedwa, kadontho lero, kadontho mawa.

Panja, a Nyenga adamanga kamsasa pakhomo. Palibe mlonda amene adagwirapo ntchito ngati iwo. Mwana akadutsa akuimba mluzu, ankamuthamangitsa mpaka kwa amake. Wina akadutsa ndi chikuni cha moto, ankamuzungulitsa njira yakutali. M'mawa uliwonse ankafunsa woyamba kufika kuti, "Tandiyang'anani bwino, mutu udakali kumwamba?" Ndipo ozonda ankabwera tsiku ndi tsiku, kusiya kanthu, kugwada pang'ono poyang'ana khomo, n'kubwerera. Mfumukazi inkatumiza madeya mtanga wathunthu. Mulu udakula, nukula.

Kenako mphepo idasintha. Kutentha kudalowa m'phanga kokha, pang'onopang'ono, popanda wosonkha. Tsiku lina dzuwa litangolowa, Nadzimbiri adanjenjemera, natsegula maso. Adadzikhudza pakati pa mapewa: fupa lokhalokha. Adali moyo, koma mapiko adali ngati a wina. Kuuluka mpaka kudambo kukasaka chakudya sakadatha. Adatsika, nakwawa, nakwawa, mpaka pakhomo.

Mulu uja udali utafunda ndi dzuwa, utasasa, ukununkhira uko. Pamwamba pake pankawira tizilombo: njenjete, tintchentche, tikafadala, zonse zili yakaliyakali, zina zikumugunda kumaso. Nadzimbiri adamwetulira, poti n'zimene adaitanira phala lija. Sadafunike ngakhale kutambasula phiko. Adangokhala pansi, natsegula pakamwa.

A Nyenga adatuluka mumsasa, naona njenjete, naona mleme akutafuna.

"Zabwerera? Chizimba chatha?"

"Chatha, asing'anga. Mwapulumuka."

A Nyenga adakhala pansi, napumira m'mwamba, kenako adadzuka n'kuthamangira kumudzi akukuwa kuti wodwala wawo watuluka.

Nyimbo imene idakhala miyezi yotsekeredwa m'masaya idaphulika tsiku limenelo. Bwampini adafunsa funso lake lija mokweza mpaka mawu kusasa, ndipo ovomera adayankha mwamphamvu moti ana ogona adadzuka n'kuyamba kuvina. Nadzimbiri, mimba itakwera, adauluka pamwamba pawo akuvomera nawo.

"Taonani, phala lathu sanadye n'komwe," adadandaula Kapuku, akuyang'ana mulu uja.

Nadzimbiri adatera pambali pake, nakhwatula njenjete yonenepa imene inkanyamuka pa phalapo.

"Ndikudyatu ili, mayi. Langomera mapiko."

Mfumukazi idaseka mpaka minga kuchita phokoso, ndipo chimwemwe chitaikulira idatambasula manja kuti ikumbatire amene ali pafupi. Anthu onse adabalalika, Nadzimbiri adakwera m'mwamba. Mfumukazi idatsala ndi a Nyenga okha, amene adali atatseka maso akufotokoza za fulu.

Ndiye inu mukadzapeza mleme m'phanga nthawi ya chisanu, ali zii ngati mwala, musamukhudze, musamuyatsire moto. Muzondeni ndi mtima, mubwerere chamsana. Nayo nthano yalendewera pamenepa, isiyeni igone.